MWANA AKASANKHA MAPHUNZIRO A ZA MILANDU: MAKOLO, FUNSANI MUSANAGULITSE NG'OMBE

Tsiku lina la Sondo mapemphero atatha, tinali khale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi pamene bambo wina wacikulire, mlimi wa cimanga ndi nshawa, anatulutsa kalata m'thumba la jekete. Kalatayo inali itafota m'mapindiro cifukwa coionetsa anthu ambiri. Inacokera ku yunivesite ina ku Lusaka, ndipo inali kunena kuti mwana wao wamkazi wapatsidwa malo oti akaphunzire digiri ya Criminal Justice kwa zaka 4.

Bamboyo anali ndi cimwemwe, koma mtima sunali m'malo. Kumudzi anthu anali atayamba kale kumuitana mwanayo kuti loya. Amalume ake anatsutsa, nati ameneyo adzakhala kapokola wa nyenyezi paphewa. Tsono bamboyo, amene ali ndi ng'ombe 4 cabe, ziwiri zolimira ndi ziwiri zazikazi, anafuna kudziwa ngati nkoyenera kugulitsako, ndiponso kuti mwanayo akatsiriza adzakhala yani.

Kunena zoona, tsiku lija sitinawayankhe mogwira mtima. Ndico cifukwa cake talemba nkhani ino, pakuti tidziwa kuti makalata otere afika m'makomo ambiri ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza, ku Lundazi ndi kwina konse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

KODI NDI MAPHUNZIRO OTANI?

Criminal Justice ndi maphunziro a kayendedwe ka mlandu, kuyambira tsiku limene colakwa cacitika kufikira tsiku limene wolakwayo abwerera kumudzi atatsiriza cilango. Kuti timvane bwino, tiyeni titsate mlandu umene alimi tonse timauopa.

Usiku wina mbala zatsegula khola ndi kutenga ng'ombe ziwiri. M'mamawa mwini apita kwa anyakwawa, kenaka ku polisi. Apolisi alemba dandaulo, atsata mapazi, afunsa kumalo ophera nyama, mpaka agwira munthu. Limeneli ndi khomo loyamba.

Mapepala a mlanduwo apita kwa oimira boma pa milandu. Kuyambira pa lamulo la m'caka ca 2010, nchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la National Prosecution Authority, ndipo iwo ndiwo aona ngati umboni wakwana kuti munthu aimbidwe mlandu. Ili ndi khomo laciwiri.

Khomo lacitatu ndi khoti. Mlandu wa ng'ombe umakambidwa kwa majisitireti. Milandu yaikulu monga kupha munthu ndi kuba moopseza ndi zida imapita ku High Court. Wosakhutira ndi ciweruzo angathe kucita apilo ku Court of Appeal, khoti limene linabwera ndi kusintha kwa malamulo a dziko m'caka ca 2016, ndipo pamwamba pake pali Supreme Court.

Khomo lacinai ndi ndende. Caka comweco ca 2016 dzina la nthambi ya ndende linasintha kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti nchito yake si kutsekera kokha koma kuongola munthu.

Pali khomo lacisanu limene timaliiwala, ndilo mudzi wathu womwe. Munthu uja adzatuluka tsiku lina, ndipo adzabwera kudzatunga madzi pa citsime cimodzi ndi mwini ng'ombe.

Makomo onsewa ali ngati ngalande yothirira dimba. Ikatsekeka pamalo amodzi, madzi safika kumunsi ngakhale kumtunda atakhala ambiri cotani. Wapolisi akasunga umboni mosasamala, woweruza amasula mbala. Khoti likacedwa, ndende idzala ndi anthu amene sanaweruzidwe. Ndende ikalephera kuphunzitsa munthu nchito ya manja, khola lina litsegulidwanso. Mwana wophunzira Criminal Justice amaphunzira ngalande yonseyi, ndi kufunsa pamene yatsekeka.

ZIMENE AMAPHUNZIRA M'KALASI

Coyamba ndi malamulo a milandu. Buku lalikulu la zolakwa ndi zilango zake m'dziko lathu, Penal Code, linayamba kugwira nchito m'caka ca 1931, dziko lino likali Northern Rhodesia, ndipo lakhala likukonzedwa kufikira lero. Lina ndi Criminal Procedure Code, limene linena za kagwiridwe ka munthu, belo ndi kayendetsedwe ka mlandu m'khoti. Amaphunziranso za umboni: umene khoti lilandira ndi umene likana. Zongomva kwa wina, zija timati akuti-akuti, kawirikawiri khoti silizilandira. Mau amene munthu wavomera cifukwa comenyedwa, khoti liyenera kuwataya.

Caciwiri ndi funso lakale lomwe: nanga munthu amalakwiranji? Phunziro limeneli amalichula kuti criminology. M'caka ca 1764 munthu wina wa ku Italy, Cesare Beccaria, analemba kuti cimene cimaletsa anthu kulakwa si kukula kwa cilango, koma kudziwa kuti akalakwa adzagwidwa ndithu ndipo adzaweruzidwa msanga. Mlimi aliyense angavomereze zimenezi. Nyani saopa msampha waukulu umene uli m'nyumba, aopa mlonda amene ali m'munda tsiku ndi tsiku.

M'caka ca 1876 dotolo wina wa ku Italy komweko, Cesare Lombroso, ananena kuti mbala imabadwa ili mbala, ndipo ungaidziwe poona mutu, nsagwada ndi makutu ake. Maganizo amenewa anatsutsidwa ndi kutayidwa kalekale, koma ana amawaphunzirabe kuti adziwe kuopsa koweruza munthu ndi nkhope. Kodi ife kumudzi sitimatero? Kanthu kakasowa, maso onse apenya nyumba imodzi yomweyo, ati banja lija ndi la magazi akuba.

Wina ndi Edwin Sutherland wa ku America, amene anaphunzitsa kuti kuba kumaphunziridwa kwa anzako monga momwe munthu aphunzirira kusema mpini. Yemweyo m'caka ca 1939 anakumbutsa anthu kuti palinso mbala zovala taye, zimene zimaba ndi colembera muofesi, ndipo zimaononga cuma coposa ca mbala za usiku. Amene munalembetsa fataleza nimulipira, koma dzina lanu nkusowa pa mndandanda, mudziwa cimene munthuyu anali kunena.

Cacitatu ndi kafufuzidwe. Edmond Locard, amene anatsegula nyumba yopimira umboni mumzinda wa Lyon ku France m'caka ca 1910, anaphunzitsa kuti wolakwa aliyense amasiya kanthu pamalo, ndipo amatengaponso kanthu: dothi ku nsapato, tsitsi, cidindo ca cala, dontho la magazi. M'caka ca 1984 Alec Jeffreys wa ku Leicester ku England anapeza njira yozindikirira munthu ndi DNA. Kuno kwathu lamulo la National Forensic Act la m'caka ca 2020 linakhazikitsa maofesi oyang'anira nchito yopima umboni ndi mitembo. Nkhani imeneyi itikhudza. Pakacitika ngozi kapena imfa yodabwitsa, ife timathamangira pamalopo mudzi wonse, kugwira ici ndi ico, kusesa ndi kutsuka, osadziwa kuti tafafaniza mboni imene sikanama.

Cacinai ndi za ndende ndi zilango: cilango ca nchito yothandiza anthu kunja kwa ndende, kumasulidwa kwa mkaidi wa makhalidwe abwino nthawi isanakwane, ndiponso malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi a m'caka ca 2015, ochedwa ndi dzina la Nelson Mandela. Amakambirananso za cilango ca imfa, cimene dziko lathu linacicotsa mu Disembala 2022, patapita zaka 25 cinyongere anthu komaliza m'caka ca 1997.

Cacisanu ndi za olakwiridwa ndi za ana. Cacisanu ndi cimodzi, cimene ana ambiri saciyembekezera, ndi masamu ndi kalembedwe ka malipoti. Munthu wa nchito imeneyi amalemba tsiku lililonse, ndipo cinenero ca makhoti aakulu ndi Cingelezi. Mwana amene athawira ku maphunzirowa cifukwa coopa kuwerenga mabuku, wasocera.

SI LOYA, NDIPONSO SI KAPOKOLA

Apa mpamene tipempha kuti makolo muchere khutu.

Digiri ya Criminal Justice siipanga munthu kukhala loya. Njira ya uloya ndi ina. Munthu ayenera kutenga digiri ya malamulo yochedwa LLB, monga imene sukulu ya malamulo ya pa University of Zambia yakhala ikupereka kuyambira pamene inatsegulidwa m'caka ca 1967, kapena ya yunivesite ina yovomerezeka. Akatero apite ku ZIALE ku Lusaka, kumene amaphunzira nchito yeniyeni ya m'khoti. Mayeso a kumeneko ndi odziwika kuti ndi olimba, ndipo zaka zambiri opambana pa ulendo woyamba amakhala owerengeka. Akapambana mpamene alumbiritsidwa ndi kuloledwa kuimira anthu m'khoti. Ngati mtima wa mwana wanu uli pa uloya, onetsetsani kuti pa kalata palembedwa LLB. Wina akakuuzani kuti zonse ndi cimodzimodzi, akunamizani.

Digiri imeneyi siipanganso munthu kukhala wapolisi. Upolisi umayamba boma likalengeza kuti lifuna anthu. Osankhidwa amapimidwa thupi ndi mbiri yao, kenaka apita kukaphunzira ku Lilayi ku Lusaka, ku Kamfinsa ku Kitwe kapena ku Sondela ku Kafue. Wa digiri nayenso adzathamanga ndi kuguba pamodzi ndi anzake. Digiri imamuthandiza pamene afuna anthu ophunzira kwambiri, ndiponso pa kukwezedwa, koma yunifomu siituluka ku yunivesite. Ndi cimodzimodzi ku nthambi ya ndende.

Ndico cifukwa cake ambiri amene amatenga maphunzirowa ndi anthu amene ali kale pa nchito: apolisi, oyang'anira ndende, makalaliki a m'makhoti, amene amaphunzira madzulo kapena ali kwao. Kwa iwo digiri ndi makwerero oimikidwa pa cipupa cimene cilipo kale. Kwa mwana wocokera ku Giredi 12, cipupaco ayenera kucifuna yekha.

PHUNZIRO LALIKULU KAPENA LOPEREKEZA

M'mayunivesite ambiri digiri imakhala ndi phunziro lalikulu, limene amati major, ndi lina loperekeza, limene amati minor. Tiyerekeze ndi munda. Phunziro lalikulu ndi cimanga, cimene citenga malo ambiri. Loperekeza ndi nyemba kapena maungu obyalidwa pakati pake. Mlimi wanzeru sadalira mbeu imodzi, pakuti sadziwa mvula ya caka cimeneco.

Mwana angatenge za milandu monga phunziro lalikulu, naonjezapo lina la manja ake. Angathenso kutembenuza: phunziro lalikulu likhale la kawerengedwe ka ndalama, la makompyuta, la cisamaliro ca anthu kapena la maganizo a munthu, ndipo za milandu zikhale zoperekeza. Ife tiona kuti kwa mwana wa mlimi, amene alibe wacibale muofesi iliyonse, njira yaciwiriyi ili ndi makomo ambiri.

Taonani. Wodziwa mabuku a ndalama ndi za milandu ndiye afunika pofufuza katangale, ndipo boma likapanda kumulemba angagwire nchito ku banki kapena ku kampani. Wodziwa makompyuta ndi za milandu ndiye angatsate anthu aja otumiza uthenga pa foni kuti tumizani ndalama pa nambala iyi, amene alanda alimi ambiri ndalama za thonje ndi soya. Milandu ya pa foni ndi intaneti ili ndi malamulo akeake, ndipo a m'caka ca 2021 analowedwa m'malo ndi atsopano m'caka ca 2025. Wodziwa cisamaliro ca anthu ndi za milandu ndiye ayenera kukhala pambali pa mwana wolakwa kapena wolakwiridwa.

Si yunivesite iliyonse imene ilola kusakaniza kotere, motero mufunse musanalipire.

NCHITO ZILI KUTI?

Malo alipo. Kuli polisi, pamodzi ndi nthambi yake ya Victim Support Unit imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 kuthandiza amai, ana ndi amasiye olandidwa cuma. Kuli nthambi ya ndende. Kuli Drug Enforcement Commission, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1989, ndi Anti-Corruption Commission, imene lamulo lake loyamba ndi la m'caka ca 1980. Kuli a zolowa ndi zotuluka m'dziko pa zipata monga Mwami ndi Chanida, a misonkho, ndi a zanyama zakuthengo ku cigwa ca Luangwa, amene ali ndi ofufuza aoao. Kuli Human Rights Commission, a Social Welfare, ndi mabungwe othandiza akaidi ndi osauka. Kunja kwa boma kuli mabanki, migodi, makampani a mafoni ndi a inshuwalansi, amene onse amalemba anthu oteteza cuma cao.

Koma tisabise mau. Ambiri mwa malo amenewa ndi a boma, ndipo boma sililemba anthu caka ciliconse. Likalengeza, ofunsira amakhala unyinji woposa malo. Mwana angatsirize bwino, nakhala pakhomo caka cimodzi, ziwiri, akuyembekeza. Walira mvula walira matope. Kholo limene ligulitsa ng'ombe zolimira poganiza kuti zidzabwerera caka ca mawa, lingadzaone munda uli tsala ndipo mwana ali khale ndi pepala m'sutukesi.

NANGA TIWAFUNIRANJI ANTHU OTERE?

Wina anganene kuti ngati zili tero, bwanji mwana asangophunzira unamwino kapena uphunzitsi? Zimenezo ndi nchito zabwino. Koma tiyeni tiyang'ane m'midzi mwathu, tione zimene kusadziwa malamulo kwaticita.

Ndi angati a ife amene adziwa kuti bondi ya ku polisi ndi yaulere? Mabanja ambiri agulitsa mbuzi kuti aombole mwana m'citokosi, pamene lamulo silifuna ngakhale ngwee imodzi, koma anthu odalirika omuimira. Ndi angati adziwa kuti munthu wogwidwa pa mlandu waung'ono sayenera kupitirira maola 24 asanaonekere ku khoti kapena kupatsidwa bondi? Ndi angati adziwa kuti malamulo aakulu a dziko amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza ndi mlandu, ndiponso kuti wosamva Cingelezi ayenera kupatsidwa womasulira popanda kulipira? Ndi angati adziwa kuti wosauka angapemphe loya ku Legal Aid Board?

Mwana wamkazi akagwiriridwa, makolo ena amakhala pansi ndi banja la wolakwa ndi kumaliza nkhani ndi ng'ombe kapena mbuzi. Lamulo silitero. Kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu wa zaka zosacepera 15 m'ndende, ndipo si mlandu wa pabwalo la anyakwawa kapena la mfumu. Mwanayo afunika kufika ku cipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku kacilombo ka HIV, ndiponso kuti umboni usatayike. Kuyambira kumapeto kwa caka ca 2023, ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ulibe mphamvu pa lamulo, ngakhale utamangidwa mwa mwambo.

Nkhalamba ikachulidwa kuti ndi mfiti, anyamata atenga miyala ndi moto. Ocepa adziwa kuti pa lamulo la Witchcraft Act, kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo nchito ya kamcape woloza anthu ndi yoletsedwa. Mbala ikagwidwa pa msika, khamu liimenya mpaka kufa, ndipo mawa lake ana athu omwe ndiwo ali m'manja mwa apolisi pa mlandu wakupha. Wakuba ng'ombe lamulo limupatsa zaka zosacepera 5, koma zimenezi zimatheka pokhapo mboni zikapita ku khoti. Ife timagwira mbala, kenaka tsiku la mlandu tili kumunda, ndipo munthu akamasulidwa timati apolisi adya ndalama. Mlandu suola, koma umafuna mwini wake aimirire.

Ana nao ali ndi lamulo lao, Children's Code Act la m'caka ca 2022. Kale mwana wa zaka 8 anali kutha kuimbidwa mlandu. Tsopano msinkhu unakwera kufika zaka 12, ndipo colinga ndi kubweza mwana panjira, osati kumusakaniza ndi akaidi aakulu. Malo monga Katombora kufupi ndi Livingstone ndi Nakambala ku Mazabuka alipo cifukwa ca ana otere.

Tikanena za ndende, amene munapitako kukaona odwala ndi akaidi ku Namuseche ku Chipata, ku Chimbokaila ku Lusaka kapena ku Mukobeko ku Kabwe, simufuna kuuzidwa. Kwa zaka zambiri ndende zathu zakhala zikusunga anthu oposa kawiri ciwerengero cimene zinamangidwira, ndipo ena mwa iwo ali pa rimandi, sanaweruzidwe. Ena akhalitsa cifukwa cosowa wowaimira pa belo, ena cifukwa mapepala ao sanayende. Pamene anthu apanikizana motero, cifuwa ca TB sicicedwa kufala, ndipo akatuluka abwera naco kwa ife.

Zonsezi sizifuna loya wa suti nthawi zonse. Zifuna munthu wodziwa njira, wolankhula cinenero cathu, amene angaimirire pa msonkhano wa mudzi kapena wa parishi ndi kufotokoza. Ngati ana a alimi saphunzira zimenezi, adzatiphunzirira ndani?

MAFUNSO OFUNSA MUSANALIPIRE

Coyamba, kodi yunivesiteyo ndi yolembetsedwa, ndipo phunzirolo ndi lovomerezeka? Bungwe la Higher Education Authority, limene linabwera ndi lamulo la m'caka ca 2013, ndilo limalembetsa mayunivesite ndi kuvomereza maphunziro ao. Zinthuzi ndi ziwiri: sukulu ingakhale yolembetsedwa pamene phunziro lina la pamenepo silinavomerezedwe. Ngati digiri ndi yocokera kunja kwa dziko kapena ya pa intaneti, funsani ku Zambia Qualifications Authority. Tumani mwana wodziwa foni kapena aphunzitsi a pa sukulu yapafupi akuonereni mndandanda. Cikwangwani cokongola si umboni.

Caciwiri, kodi mwana ali ndi zomuyenereza? Mayunivesite amafuna makirediti 5 pa satifiketi ya Giredi 12, Cingelezi cili pomwepo. Sukulu imene ilandira aliyense malinga ali ndi ndalama, muiope.

Cacitatu, mtengo wonse ndi wotani? Musawerenge ndalama za temu yoyamba zokha. Werengani zaka zonse 4, muonjeze nyumba, cakudya, ulendo, mabuku ndi ndalama za mayeso. Kenaka musinthe ndalamazo kukhala matumba a cimanga pa mtengo wa caka cino, muone ngati munda wanu ungakwanitse ngakhale caka ca cilala monga ca 2024. Mwana wosiyira pa caka caciwiri amataya zonse, ng'ombe ndi digiri yomwe.

Cacinai, kodi thandizo lilipo? Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board limathandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma, koma ndi ngongole yobweza, si mphatso. Ndalama za CDF zimathandiza ana a ku sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a luso la manja. Funsani kwa khansala wanu kapena ku khonsolo.

Cacisanu, kodi ophunzira amatumizidwa kukaona nchito ku khoti, ku polisi kapena ku ndende? Ndipo amene anatsiriza zaka zapitazi ali kuti lero? Sukulu yabwino siikwiya ndi funso limeneli.

Cacisanu ndi cimodzi, kodi palibe njira yaifupi yoyambira? Lamulo la Legal Aid Act la m'caka ca 2021 linavomereza nchito ya maparalegal, anthu ophunzitsidwa kulangiza anzao pa malamulo ngakhale saimira munthu m'khoti. Maphunziro ao ali pansi pa TEVETA, ndi aafupi ndiponso ochipa poyerekeza ndi digiri. Ambiri mwawaona m'maofesi a Cilungamo ndi Mtendere, pa mapolisi ena ndi m'ndende. Ku NIPA ku Lusaka kulinso dipuloma ya malamulo. Mwana angayambe motero, napeza nchito, nakwera yekha pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

MTIMA WA MWANA

Funso lotsiriza si la ku yunivesite, ndi la pakhomo. Kodi mwanayo afuniranji nchito imeneyi? Ngati ndi cifukwa ca mafilimu a pa TV, adziwe kuti nchito yeniyeni ndi kulemba mapepala, kudikira pa benchi la khoti, kuona mitembo ndi kumva misozi ya anthu. Ngati ndi cifukwa cakuti anaona wina wa yunifomu wamanga nyumba mwamsanga, makolo mumukhazike pansi. Nchito za cilungamo zili ndi mayesero aakulu, ndipo nthawi zina woyesa woyamba ndi ife acibale, amene timapita usiku kukapempha kuti mapepala a mphwathu asowe. Tisaphunzitse mwana ndi ng'ombe zathu kuti mawa tidzamuononge ndi pakamwa pathu.

Ndipo pasakhale wonena kuti nchitozi ndi za amuna okha. Mai Florence Mumba anakhala mkazi woyamba kuweruza ku High Court m'caka ca 1980, ndipo pambuyo pake anaweruza milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia pa khoti la maiko onse ku The Hague. Mai Stella Libongani anatsogolera polisi yonse ya Zambia kuyambira m'caka ca 2012. Malemu Mai Irene Mambilima anali mkulu wa oweruza onse kuyambira 2015 kufikira imfa yao m'caka ca 2021. Mtsikana wolakwiridwa amamasuka kulankhula akapeza mkazi mnzake pa tebulo la polisi.

YANKHO LATHU KWA BAMBO AJA

Tsono kwa inu bambo amene munationetsa kalata pansi pa mango, yankho lathu ndi ili. Mwana wanu sadzatuluka ali loya, ndipo sadzatuluka ali kapokola. Adzatuluka ali munthu wodziwa kayendedwe ka milandu, ndipo nzeru imeneyo dziko ndi mudzi wathu ziifuna. Koma nchito siidzamudikira pa geti.

Musagulitse ng'ombe zolimira, pakuti ndizo zidzalipira caka caciwiri, cacitatu ndi cacinai. Yambani mwafufuza ngati phunzirolo ndi lovomerezeka. Mufunse ngati mwanayo angaonjezepo phunziro lina la makompyuta, la ndalama kapena la cisamaliro ca anthu. Itanani amai ake, amalume ndi atsibweni, muwerengere pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo mwini wakeyo mumufunse pamaso pa onse cimene afuna, cifukwa amene adzagona ndi mabuku ndi iyeyo.

Zikatheka, pomuperekeza pa sitesheni mumuuze kuti pa holide iliyonse tidzamupatsa mpata pambuyo pa mapemphero, atifotokozere zimene waphunzira m'cinenero cathu. Tidzayamba ndi nkhani ya bondi.

Awerengi amene ana anu anapita kale m'maphunziro otere, lemberani mkonzi wa tsamba lino mutiuze mmene zinayendera, zabwino ndi zowawa zomwe, kuti makolo anzanu aphunzirepo.